Timatumba ta Mafuta Tonyamula Mankhwala

Anzathu a kuno ku Mualadzi, tonse tinaonapo madontho a mafuta akuyandama pa msuzi. Akatswiri anaphunzira kupanga timatumba ta mafuta tating'ono zedi, tosaoneka ndi maso. Timatumba mazana angapo titandandalikidwa, m'pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'katimo amaikamo mankhwala.

Pali khansa yotchedwa Kaposi. Imatulutsa zigamba zakuda pamiyendo ndi m'kamwa, makamaka kwa anthu amene ali ndi HIV. Amodzi mwa mankhwala ake ndi doxorubicin. Ndi ofiira, ndiponso aukali: akayenda okha m'magazi amafoola mtima. Mu 1995, ku America, anavomereza mankhwalawa okutidwa ndi mafuta. Timatumbato timayenda m'magazi n'kukaunjikana pachotupa, chifukwa mitsempha ya pamenepo imadontha. Motero mtima suvutika kwambiri. Madokotala a ku Maputo anathandiza nawo odwala Kaposi. Vuto lake ndi mtengo: ndi odula.

Katemera wina wa COVID-19, wa mu 2020, anabweranso m'timatumba totere.

Tikaona zigamba zakuda pamwendo wa m'bale wathu, tisafulumire kunena kuti walodzedwa. Timperekeze kuchipatala akamuyeze, mwendo usanatupe.