Cikope Cogwa

Cikope cimatseka ndi kutsegula diso. M'kati mwa cikope muli kamnofu kamene kamacikokera m'mwamba.

Ana ena amabadwa kamnofu aka kali kofooka. Cikope cawo cimagwa ndipo cimaphimba mbali ya diso. Kawirikawiri limakhala diso limodzi, nthawi zina maso onse awiri. Si ufiti ayi. Si kulakwa kwa amayi. Vutoli silipatsirana.

Mwana wotere amakweza cibwano ndi nsidze kuti aone bwino. Cikope cikaphimba kwambiri, diso siliphunzira kuona. Likakhala conco mpaka zaka 7 kapena 8, kulithandiza kumavuta.

Ncifukwa cake makolo amapita naye msanga kucipatala. Sathira mankhwala a zitsamba m'diso. Dotolo wa maso amamupima. Ana ena amapatsidwa magalasi. Ena amawaphimba diso lamphamvu kwa maola angapo patsiku, kuti diso lofooka ligwire nchito. Cikope cogwa kwambiri amacikweza ndi opaleshoni.

Kusukulu, aphunzitsi amamukhazika kutsogolo. Anzake samuseka. Amasewera naye.

Mafunso
1. Nciyani cimakokera cikope m'mwamba?
2. Makolo amapita kuti ndi mwana wa cikope cogwa?