ZILAPI ZA ZITHUNZI ZISAUTSA MAKINA A KOMPYUTA

Wolemba Mtolankhani Wathu

ALIYENSE amene analemba mayeso a Giredi 7 muno m'Zambia adzakumbukira pepala lija lochedwa Special Paper 2, limene linalibe mafunso a mbiri kapena a sayansi, koma tizithunzi tokhatokha. M'kabokosi koyamba muli kadontho kamodzi, m'kaciwiri muli tiwiri, m'kacitatu muli titatu, ndipo mwana afunsidwa kuti asankhe cimene ciyenera kulowa m'kabokosi kacinayi. Palibe amene amuuza lamulo lake. Iye ayang'ana, aganiza pang'ono, nalemba yankho.

Kanchito kameneka, kamene mwana wa zaka 13 akamaliza uku akuluma pensulo, kasautsa akatswiri a makina a kompyuta kwa zaka zoposa 60.

Owerenga ena angadabwe, pakuti anamva kuti mu 1997 makina ochedwa Deep Blue anagonjetsa Bambo Garry Kasparov, amene anali ngwazi ya dziko lonse pa masewera a chess. Koma chess ali ngati nsolo: malamulo ake ndi odziwika masewera asanayambe, ndipo cotsala ndi kuwerengera mwamsanga, nchito imene makina aidziwa kuposa munthu. Pa cilapi ca zithunzi lamulo ndi lobisika, ndipo woyankha ayenera kulifukula yekha.

Mmodzi wa oyamba kuyesa anali Bambo Thomas Evans wa pa sukulu ya MIT ku America, amene mu 1963 anakonza pulogalamu yochedwa ANALOGY. Inkaonetsedwa m'mene cithunzi coyamba casinthira kukhala caciwiri, nisankha mwa zithunzi zisanu cimene cigwirizana ndi cacitatu. Inayankha bwino ndithu, koma pa mtundu umodzi wokhawo wa mafunso, ndiponso munthu anayenera kuyamba waifotokozera mizera ya cithunzi ciri conse.

Amene anaona kuzama kwa vutoli anali katswiri wa ku Soviet Union, Bambo Mikhail Bongard. M'buku lake la mu 1967 anaikamo zilapi 100 zimene zichedwa ndi dzina lake mpaka lero. Ciri conse ciri ndi timabokosi 12, tisanu ndi kamodzi kumanzere ndi tisanu ndi kamodzi kumanja. Funso ndi limodzi basi: kodi ta kumanzere tisiyana bwanji ndi ta kumanja?

Cilapi coyamba ndi copepuka, pakuti kumanzere timabokosi tonse tiribe kanthu pamene kumanja tonse tiri ndi kanthu. Koma taganizani cina cimene kumanzere kuli zithunzi za ngodya zitatu ndipo kumanja za ngodya zinayi. Zina ndi zazikulu, zina zazing'ono, zina zakuda, zina zoyera, zina zapendekeka. Munthu angoona kamodzi nazindikira kuti kukula, kuda ndi kupendekeka ziribe nchito pano, cofunika ndi kuwerenga ngodya. Akatembenuza tsamba apeza kuti pa cilapi cotsatira ngodya ziribenso nchito, cofunika tsopano ndi cinthu cina. Nzeru yake, tsono, yagona pa kudziwa coyenera kunyalanyaza, ndipo cimeneco cisintha pa tsamba liri lonse. Apa ndi pamene makina amagwa.

Bambo Bongard anamwalira mu 1971 pa ngozi ya m'mapiri a Pamir, koma zilapi zawo zinachuka pamene Bambo Douglas Hofstadter wa ku America anazifotokoza m'buku lawo la mu 1979. Wophunzira wawo, Bambo Harry Foundalis, anathera zaka zambiri pa pulogalamu yochedwa Phaeaco, ndipo pomaliza mu 2006 inali kumasula zowerengeka cabe.

Kuyambira mu 2012 akatswiri anatsata njira ina. M'malo molembera makina malamulo, anayamba kuwaonetsa zithunzi zoposa miliyoni, ciri conse ndi dzina lake, mpaka makinawo atazolowera kusiyanitsa galu ndi mphaka, njinga ndi galimoto. Njirayi inapambana kwambiri, ndipo ndiyo icititsa kuti foni izindikire nkhope ya mwini wake. Koma kuzolowera si kumvetsa ai.

Citsanzo cake cinaoneka mu 2018, pamene madokotala a ku New York anaphunzitsa makina kuzindikira cibayo pa zithunzi za X-ray za m'cifuwa. Makinawo anakhoza bwino pa zithunzi za zipatala zimene anaphunzirirako, koma atapatsidwa za cipatala cina anatsika. Pofufuza, madokotalawo anapeza kuti makina anali ataphunzira kuzindikira cipatala kumene cithunzi cacokera, mwa zina poyang'ana kacitsulo kamene ojambula amaika pangodya kusonyeza kumanzere kapena kumanja. Popeza cipatala cimodzi cinali ndi odwala cibayo ambiri kuposa cinzake, kudziwa cipatala kunali kuthandiza makinawo kulota yankho. Aphunzitsi amdziwa mwana wotere, amene waona kuti yankho limakonda kugwera pa C, namangolemba C.

Nkhaniyi si ya kutali nafe. Ofufuza a bungwe la ZAMBART anayesa makina owerenga zithunzi za X-ray pa anthu oganiziridwa cifuwa ca TB mu Lusaka, nafalitsa zimene anapeza mu 2014. Mu 2021 bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linavomereza kuti makina otere angagwire nchito yopima anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kumene madokotala odziwa kuwerenga X-ray ndi ocepa, thandizo limeneli ndi lalikulu. Komabe makinawo angosonyeza amene ayenera kupimidwanso, ndipo cigamulo cicokera ku kupima makhololo. Ifenso tiona kuti m'pomveka kutero, cifukwa makina amene sangathe kufotokoza cifukwa ca yankho lao sayenera kukhala ndi mau omaliza pa moyo wa munthu.

Pofuna muyeso wosiyanitsa kuloweza ndi kuganiza, katswiri wa ku France, Bambo François Chollet, amene panthawiyo anali kugwira nchito ku kampani ya Google, anaturutsa mu 2019 zilapi zochedwa ARC. Ciri conse ndi cithunzi ca timabokosi topakidwa mitundu yosaposa 10, ndipo cacikulu koposa ciri ndi timabokosi 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Woyankha aonetsedwa zitsanzo zowerengeka, kawirikawiri zitatu. Mwina pa citsanzo ciri conse malo ozingidwa ndi mpanda wobiriwira adzazidwa ndi mtundu wacikasu. Kenaka apatsidwa cithunzi catsopano kuti acite cimodzimodzi. Cilapi ciri conse ciri ndi lamulo lakelake, kotero kuti kuloweza sikuthandiza.

Anthu wamba amamasula zambiri mwa zilapizi popanda kuphunzitsidwa. Pa mpikisano woyamba wa mu 2020, makina opambana anakhoza pafupifupi 20 pa 100. Mu 2024 Bambo Chollet ndi Bambo Mike Knoop anaikapo mphotho zoposa madola miliyoni imodzi, ndipo opambana anapitirira 50 pa 100. Anacita zimenezi makamaka mwa kulola makina kuphunzira pa zitsanzo za cilapico panthawi yomweyo ya mayeso, kapena kulemba timalamulo tambirimbiri ndi kuyesa kamodzikamodzi mpaka kena katagwirizana ndi zitsanzo zonse.

M'mwezi wa December 2024 kampani ya OpenAI inalengeza kuti makina ake ochedwa o3 akhoza 87.5 pa 100. Dziko la akatswiri linagwedezeka. Koma makinawo anali ataphunzira kale pa zilapi 300 mwa 400 zoyesererapo, ndipo pa cilapi ciri conse anaononga mphamvu ya makompyuta ya mtengo wa madola zikwi. Mwana wa Giredi 7 uja amangofuna pensulo ndi phala la m'mawa. Bambo Chollet anayamikira kuti limeneli ndi phazi lalikulu, koma anaonetsanso zilapi zina zapafupi zimene makinawo analephera.

M'mwezi wa March 2025 anaturutsa zilapi zatsopano zochedwa ARC-AGI-2. Asanaziturutse anaziyesa pa anthu oposa 400 mu mzinda wa San Diego, ndipo anasunga zokhazo zimene anthu awiri kapena kuposerapo anamasula. Makina amphamvu koposa a panthawiyo sanafike ngakhale pa 10 pa 100. Pofika kumapeto kwa caka comweco ena anali atakwera kufika pafupifupi theka, ndipo eni mpikisano anali atayamba kulemba pambali pa mamalikisi a makina ali onse ndalama zimene aononga pa cilapi cimodzi.