Timu ikakhala ya munthu mmodzi

Mukakhala pakati pa ochemerera mpira ku Kafue n'kutchula Kafue Celtic, sipapita nthawi wina asananene kuti imeneyo si timu koma bizinesi. Winanso amayankha kuti wonenayo ali ndi nsanje basi. Onse awiri ali ndi mfundo, abale, koma kuti timvetse mkanganowu tiyenera kuyamba tafunsa kuti ndalama za mpira kwathu kuno zinkachokera kuti.

Tauni ya Kafue inakula ndi mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo pambali pake panali Kafue Textiles yoluka nsalu. Mpira unatsatira ntchito, n'chifukwa chake kunali timu ngati Nitrogen Stars. Dziko lonse zinali choncho, ndipo mpaka lero mayina amaulula eni ake: ZESCO United ndi ya kampani ya magetsi, Zanaco ya banki, Green Buffaloes ya asilikali, Nkwazi ya apolisi. Nayo Nakambala Leopards ku Mazabuka inakula m'manja mwa kampani ya shuga.

Timu yotere ili ngati chigayo chimene kampani yaikira antchito ake pakomboni. Dizilo amagula ndi kampani, lamba akaduka amasintha ndi kampani, inu chanu n'kubwera ndi chimanga. Palibe amafunsa ngati chigayocho chikupanga phindu. Vuto limadza tsiku limene kampani yayamba kuvutika, monga zinachitikira mafakitale a ku Kafue kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Chigayo chimangoti zii, ndipo m'pamene anthu amazindikira kuti sichinali chawo.

Ndiye pabwere munthu ndi chigayo chakechake. Ozolowera chakale amayamba kung'ung'udza, ndipo sindiwadzudzula. Koma funso lenileni si lakuti mwini wake ndi wolemera bwanji. Funso n'lakuti dizilo wa mawa achokera kuti: m'thumba mwake, kapena mu ndalama zimene chigayocho chikupeza pogaya?

Kafue Celtic ya Lee Kawanu inasankha kudzigulira yokha dizilo polera ana. Patson Daka, amene anakulira ku Kafue komweko, ndi Enock Mwepu wa ku Chambishi anadutsa m'manja mwa timuyi. Onse awiri anali m'gulu la Zambia la anyamata osapitirira zaka 20 limene linatenga chikho cha Africa mu 2017 litagonjetsa Senegal 2-0 ku Lusaka, ndipo chaka chomwecho anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria. Mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City, Mwepu ndi Brighton. Apa pali lamulo la FIFA limene ambiri salidziwa. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Nyuzipepala zinati Daka anagulidwa pa mapaundi pafupifupi 23 miliyoni. Werengani nokha: gawo logawanalo likupitirira mapaundi 1 miliyoni. Ngakhale kachidutswa chabe ka ndalama zimenezo, mungakapeze liti pogulitsa matikiti pachipata cha bwalo la timuyi la Khosa?

Komabe wodandaula uja sanalakwe pa zonse. Timu yodalira kugulitsa osewera imataya mwana wake wabwino kwambiri nthawi imene wayamba kupsa. Celtic inakwera mu Super League mu 2021, chaka chotsatira n'kutsikanso. Wochemerera amafuna zigoli Loweruka masana pabwalo la kwawo, osati kuonera pa wailesi yakanema mnyamata wapakhomo akugoletsera azungu.

Chigayo cha mtundu winawo, chodalira thumba la mwini wake, tinachionera pa Buildcon. Inalowa mu Super League mu 2017 ndi phokoso lalikulu, inagula osewera ambiri akunja, anthu n'kumati matimu akale aona zakuda. Pofika 2023 inali itatsika. Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yake n'china: timuyi inakwerera ku Choma koma n'kukakhazikika ku Ndola. Chigayo cha munthu chimakwezedwa pa lole tsiku lililonse mwini wake akafuna, ndipo amene munkagayitsa pamenepo simufunsidwa n'komwe.

Musaganize kuti mkanganowu ndi wa kuno kokha. Ku Wales, timu ya Wrexham inagulidwa mu 2021 ndi akatswiri a mafilimu Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney, ndipo inakwera ligi zitatu motsatizana, mu 2023, 2024 ndi 2025. Ochemerera matimu oyandikana nayo amanena zomwezo timamva kuno, zoti chipambano chogula sichikoma. Iwo a ku Wrexham amakumbutsa kuti eni atsopanowa asanabwere, ochemerera ndi amene anasonkha ndalama n'kuitenga timuyo mu 2011 pamene inatsala pang'ono kufa, ndipo kuti igulitsidwe panafunika mavoti awo. Ku England Wimbledon sinaone mwayi wotero: eni ake anaisamutsira ku Milton Keynes mu 2003, ochemerera ake atayamba kale timu ina, AFC Wimbledon, kuchokera pansi penipeni.