Kusambira sikupulumuka: zomwe zasintha m'mipikisano yowedza nsomba za bass

Mipikisano yowedza nsomba za bass ku America inasanduka ntchito yodyerapo mu June 1967, pomwe Ray Scott, yemwe ankagulitsa inshuwalansi ku Alabama, anasonkhanitsa asodzi 106 pa Beaver Lake m'chigawo cha Arkansas. Aliyense analipira madola 100. Chaka chotsatira Scott anakhazikitsa bungwe la B.A.S.S., lomwe mpaka lero limayendetsa mpikisano wotchuka wa Bassmaster Classic. Masiku amenewo panalibe wofunsa za moyo wa nsomba. Msodzi ankazitunga pachingwe n'kukaziunjika pasikelo madzulo zitafa kale, ndipo ankaloledwa kubwera nazo zoposa khumi pa tsiku. Classic yoyamba inachitika mu 1971 pa Lake Mead ku Nevada. Asodzi anakwera ndege osauzidwa komwe akupita, ndipo Bobby Murray anapambana madola 10,000. M'zaka zaposachedwa wopambana wakhala akulandira madola 300,000.

Milu ya nsomba zakufa ija sinkakondweretsa anthu okhala m'mbali mwa nyanja, omwe ankati alendo a maboti othamanga akuwathera nsomba. Mu 1972 Scott, ataona asodzi a trout ku Colorado akubwezera m'madzi zomwe agwira, anayambitsa ndondomeko yoti nsomba zizifika pasikelo zamoyo kenako n'kubwezedwa. Maboti anayamba kupangidwa ndi thanki yosungiramo nsomba yokhala ndi pampu yosinthira madzi. Chiwerengero chololedwa chinatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa nsomba zisanu pa tsiku, ndipo wobwera ndi yakufa amamuchotsera kulemera pa zomwe wagwira.

Ndalama zinabwera ndi wailesi yakanema. Mu 1996 Irwin Jacobs anagula bungwe lina la mipikisano lomwe pambuyo pake analitcha FLW, polemekeza Forrest L. Wood wa maboti a Ranger. Wailesi yakanema ya ESPN inagula B.A.S.S. mu 2001 n'kuigulitsa mu 2010. Mu 2007 Scott Suggs analandira madola miliyoni imodzi pa mpikisano umodzi wa FLW pa Lake Ouachita. Rick Clunn ndi Kevin VanDam anapambana Classic kanayi aliyense, ndipo mu 2004 Takahiro Omori wa ku Japan anakhala woyamba wobadwira kunja kwa America kuipambana.

M'zaka zonsezi munakhazikika chikhulupiriro chomwe chimamveka pafupifupi pa mpikisano uliwonse, chakuti nsomba ikagwedeza mchira n'kulowa pansi ndiye kuti yapulumuka. Wolengeza amanena monyadira kuti pafupifupi zonse zabwerera zamoyo, anthu n'kuomba m'manja. Chiwerengero chimenecho chimangonena za nsomba zomwe zinali zikupuma pa nthawi yoyeza, basi. Ofufuza akasunga nsomba zomwezo m'makola a ukonde kwa masiku angapo amapeza zina. Mu 1998 Gene Wilde wa ku Texas Tech University anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa zaka zambiri. Anapeza kuti nsomba zofika pasikelo zitafa zinachepadi kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1970, koma zikawerengedwa pamodzi ndi zofa pambuyo pake, pafupifupi imodzi mwa zinayi zilizonse inkafa ndithu. Izi zimafera kwina patapita masiku awiri, atatu kapena asanu, mahema atapasulidwa kale ndipo palibenso wowerenga.

Chopha chachikulu ndi kutentha kwa madzi. Madzi a madigiri 20 amatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 9 a okosijeni pa lita, pomwe a madigiri 30 amasunga 7.5 okha. Nsomba nayo thupi lake limatsatira kutentha kwa madzi, kotero pomwe okosijeni wachepa m'pomwe ikumufuna wambiri. Onjezani kuti yangolimbana kumene ndi mbedza, minofu yake yadzaza asidi, ili mothinana ndi zinzake zinayi m'thanki momwe amoniya wotuluka m'matupi mwawo akuchuluka, ndipo boti likuziwombetsa kukhoma pothamanga pamafunde. Madzulo imaikidwa m'thumba la madzi ochepa n'kuima pamzere wa sikelo. Zotelera za pakhungu zomwe zimaiteteza ku tizilombo zimakhala zitapukutika. Nsomba yotere ikhoza kusambira bwinobwino poibwezera, koma mchere wa m'magazi mwake wasokonekera ndipo matenda akupeza polowera. Nthenda ya largemouth bass virus, yomwe inapha nsomba pa nyanja za Santee Cooper ku South Carolina mu 1995, imakula mphamvu m'nyengo yotentha yomweyo. Classic inkachitika m'chilimwe cha kumeneko kwa zaka zambiri, koma mu 2006 inasamutsidwira ku February, pomwe madzi amakhala ozizira.

Vuto lina n'losiyana ndi kutentha, ndipo limakhudza nsomba zogwidwa pakuya. M'mimba mwa bass, pansi pa msana, muli kathumba ka mpweya komwe kamaithandiza kuima pamalo amodzi osamira kapena kuyandama. Trout ndi carp zili ndi kanjira kolumikiza kathumbako ndi kummero, ndiye mpweya ukachuluka zimangoutulutsa pakamwa. Bass ilibe kanjirako. Mpweya umalowa m'kathumba kudzera m'magazi ndipo umatulukanso kudzera m'magazi, ntchito yotenga maola. Pamamita 10 pansi pa madzi, mphamvu yopanikiza thupi imakhala yowirikiza kawiri ya pamwamba. Pamamita 20 imawirikiza katatu. Nsomba yokhala pamamita 10 imakhala itadzaza kathumba kake molingana ndi kupanikiza kumeneko. Msodzi akaikoka m'masekondi makumi awiri kapena atatu, mpweya uja umafuna malo owirikiza kawiri, ndipo magazi sangauchotse pa liwiro limenelo. Kathumba kamafufuma ngati chibaluni n'kufinya chiwindi, matumbo ndi mitsempha yopita ku mtima. Mimba imatupa n'kulimba, maso amatha kutong'oka, ndipo nthawi zina chifu chimakankhidwa mpaka kuoneka kukamwa. Ambiri akachiona amati ndi kathumba ka mpweya katuluka n'kuchiboola. Chimenecho ndi chifu, ndipo kuchiboola sikuthandiza kanthu. M'thanki nsomba yotere imayandama chammbali kapena chagada, n'kutha mphamvu poyesa kudzitembenuza.

Chodabwitsa n'chakuti nsomba yomweyo ikabwezedwa nthawi yomweyo, isanatope, kawirikawiri imakwanitsa kulowa pansi, mpweya n'kupanikizikanso wokha. Choipitsa zinthu ndi maola a m'thanki. N'chifukwa chake asodzi a mipikisano amaphunzitsidwa kuboola kathumbako ndi singano ya jakisoni, kuilowetsa m'mbali kuseri kwa chipsepse cha pachifuwa, nsomba ili m'madzi, thovu n'kumatuluka mpaka nsombayo itayamba kukhala chilili. Akatswiri a boma ku Texas amalimbikitsa kuboolera m'mbali kusiyana ndi kudzera pakamwa. Wotulutsa mpweya wonse amaisiya nsomba ikumira ngati yolemera, ndipo wophonya amalasa chiwalo china. Pa za m'thanki malangizo ndi awa: pampu isazime, madzi azisinthidwa, ayezi pang'ono ndi mchere wosathira ayodini.

Major League Fishing, yomwe inayamba mu 2011 mothandizidwa ndi asodzi Gary Klein ndi Boyd Duckett, inachotseratu thankiyo pa mipikisano yake ikuluikulu. M'boti lililonse mumakhala woyang'anira yemwe amayeza nsomba pomwepo, kulemba kulemera kwake, nsomba n'kubwerera m'madzi pamalo omwe yagwidwa. Mu 2019 bungweli linayambitsa Bass Pro Tour n'kugulanso FLW. Njirayi imathetsa maola a m'thanki komanso kusamutsa nsomba makilomita ambiri kuchoka kwawo. Imathandizanso m'nyengo yoswana, pomwe yamphongo imalondera chisa: ikachokapo, tinsomba ngati bluegill timadya mazira m'mphindi zochepa, ndiye kubwerera msanga kuli ndi phindu. Komabe nayonso ili ndi vuto lake, chifukwa pomwe nsomba iliyonse yofika pa muyezo ikuwerengedwa, msodzi amalasa nsomba zambiri kuposa wofunafuna zisanu zikuluzikulu.

Mkangano wa zaka zino ndi wa makina oonera pansi pa madzi. Makinawo si achilendo. Kabokosi kobiriwira ka kampani ya Lowrance kanalipo kuyambira 1959. Akale ankasonyeza zomwe boti ladutsa kale. Mu 2018 Garmin inatulutsa LiveScope, ndipo Lowrance ndi Humminbird anatsatira ndi awo. Awa amaloza kutsogolo n'kusonyeza nsomba ikuyenda nthawi yomweyo. Msodzi amaona nyambo yake ikutsika, nsomba ikutembenuka, ikuilondola kapena kuikana, ndipo amasintha kagwedezedwe ka ndodo ali chiwerere pasikirini. Jeff Gustafson wa ku Canada anapambana Classic ya 2023 pa mtsinje wa Tennessee akuwedza motere. Odandaula ambiri amati luso latha, anyamata akungoonera kanema. Nkhani ya luso ndi ya asodziwo. Ya sayansi ndi yakuti nsomba zoyandama pakati pa nyanja, kutali ndi gombe komanso pakuya, zomwe kale mbedza sinkazipeza, tsopano zikugwidwa, ndipo zimenezo ndi zomwe kathumba kawo kamafufuma. Onena kuti makinawa atha nsomba m'nyanja akuthamangira kutsogolo kwa umboni, monganso onena kuti palibe chomwe chasintha.

Pali chinanso chomwe kafukufuku wa David Philipp ndi anzake ku Illinois anasonyeza. Atasiyanitsa bass zogwidwa kawirikawiri ndi zosagwidwa n'kuziswanitsa padera kwa mibadwo ingapo, anapeza kuti kufulumira kulumira nyambo n'kotengera kwa makolo. Zolusa pa nyambo zinalinso zolondera bwino zisa. Kutanthauza kuti imfa za pambuyo pa mpikisano sizigwera nsomba mwachisawawa. Zimagwera kwambiri mtundu umodzi wa khalidwe.

Mabungwe ayamba kuika malire. Mu 2025 B.A.S.S. inalola chida chimodzi chokha choonera kutsogolo pa boti ndi masikirini osapitirira mainchesi 55 onse pamodzi pa mipikisano yake ikuluikulu. Bass Pro Tour inalola makinawo m'gawo limodzi mwa magawo atatu a tsiku, pomwe National Professional Fishing League inawaletseratu.