Mphete Yachitomero: Dayamondi, Rube Kapena Safiro?

Masiku ano mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito, kaya ndi yauphunzitsi kaya yaukalaliki, akafuna kutomera mtsikana amakumana ndi funso limene agogo ake sanakumane nalo. Kale chikole chinali mpango, mkanda kapena kandalama pang'ono, ndipo mawu a ankhoswe ndiwo ankamanga banja. Lero pachinkhoswe, kuwonjezera pa tambala ndi msoti, nkhwangwa ndi lichero, anthu amayembekezeranso kuona mphete. Ambiri amakhulupirira kuti mphete yopanda dayamondi ndi chizindikiro cha kuumira kapena cha chikondi chosakwanira. Kodi chikhulupiriro chimenechi chinachokera kuti?

Mbiri imati m'chaka cha 1477 Maximilian wa ku Austria anapereka mphete ya dayamondi kwa Mary wa ku Burgundy. Koma umenewu unali mwambo wa mafumu ndi anthu olemera okha, popeza dayamondi anali wosowa. Zinthu zinasintha pamene mwalawu unapezeka wochuluka ku South Africa, makamaka ku Kimberley kuyambira mu 1871. Mu 1888 Cecil Rhodes anakhazikitsa kampani ya De Beers, imene kwa zaka zambiri inkalamulira malonda a dayamondi padziko lonse. Malonda atalowa pansi m'zaka za m'ma 1930, kampaniyi inalemba ntchito akatswiri otsatsa malonda a N. W. Ayer a ku America mu 1938. Mu 1947 mmodzi wa iwo, Frances Gerety, anapeka mawu otchuka aja onena kuti dayamondi ndi wamuyaya. Pambuyo pake otsatsa malonda omwewo anayamba kuphunzitsa kuti mnyamata ayenera kugula mphete ya mtengo wofanana ndi malipiro ake a miyezi iwiri. Motero lamulo limene ambiri amaliyesa lamakedzana linabadwira m'ofesi ya amalonda.

Komabe dayamondi ali ndi ubwino wake umene sungakanidwe. Mphete yachitomero si ndolo zovala patchuthi. Imakhala pa chala chimene chimachapa, kutsuka mapoto, kugwira choko ndi kupalira m'munda. Choncho funso loyamba likhale la kulimba kwa mwala. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anakonza muyeso wa kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10, pamene mwala wapamwamba umakanda wapansi pake. Dayamondi, amene ndi kaboni monga makala koma woumbika mwina, ali pa 10. Palibe mwala wina wachilengedwe umene ungamukande. Ngakhale zili choncho, akamenyedwa molunjika mbali ina amatha kubenthuka, monga momwe nsungwi yolimba imang'alukira mosavuta motsata utali wake.

Pansi pa dayamondi pali rube ndi safiro, amene ali pa 9. Miyala iwiriyi ndi yamtundu umodzi: wofiira amatchedwa rube, ndipo wabuluu, wachikasu kapena wamaonekedwe ena amatchedwa safiro. Mpata wa pakati pa 9 ndi 10 ndi waukulu ndithu, koma pa ntchito za m'nyumba rube ndi safiro amapirira zaka zambiri osazilala. Ulemu nawo sawasowa. Mu 1981 Kalonga Charles wa ku Britain anatomera Diana Spencer ndi mphete ya safiro wabuluu wozunguliridwa ndi timadayamondi 14, ndipo mu 2010 mwana wawo William anapereka mphete yomweyo kwa Catherine Middleton.

Miyala ina yokongola imafuna kusamala kwambiri. Emarodi wobiriwira, amene amakumbidwa wambiri pa mgodi wa Kagem m'boma la Lufwanyama ku Zambia, ali pakati pa 7.5 ndi 8, koma kawirikawiri amakhala ndi timing'alu m'kati mwake, choncho sachedwa kusweka. Tanzanite, amene anapezeka mu 1967 pafupi ndi Arusha ku Tanzania, ali pakati pa 6 ndi 7. Nambala ya 7 ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa mchenga ndi fumbi zili ndi timiyala ta mtundu wa nsangalabwi, timene tili pa 7. Mwala wofewa kuposa pamenepa umakandika pang'onopang'ono ndi fumbi lenileni, mpaka kuwala kwake kumatha.

Mphunzitsi angathe kuonetsa zimenezi m'kalasi potenga nsangalabwi yosweka ndi kukanda nayo botolo. Botololo lidzakandika, pakuti galasi lili pafupi ndi 5.5 chabe. Phunziro lake n'lakuti wamalonda amene amakanda galasi pofuna kutsimikiza kuti akugulitsa dayamondi sanatsimikize kanthu. Mwala wa kumtsinje ungachite chimodzimodzi.

N'zodabwitsa kuti miyala yoyenera mphete imapezeka pakhomo pomwe. Paphiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu pali rube ndi safiro, ndipo ku Montepuez m'dziko la Mozambique kunapezeka rube wochuluka mu 2009. Kwa Mmalawi, mwala wochokera m'nthaka ya kwawo uli ndi tanthauzo limene mwala wochokera kutali sungakhale nalo. Koma kuyandikira kwa mgodi sikutanthauza kutchipa. Rube wabwino kwambiri amatha kudula kuposa dayamondi wa kulemera kofanana. Miyala yonseyi imayezedwa m'makarati, ndipo makarati 5 ndiwo amakwana galamu imodzi.

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Rube ndi safiro ambiri amatenthedwa pamoto kuti mtundu wawo ukome, ndipo emarodi amathiridwa mafuta obisa timing'alu. Zimenezi n'zololedwa m'malonda malinga wogula wauzidwa. Choopsa ndi rube wong'alukang'aluka amene amadzazidwa ndi galasi, pakuti sakhalitsa. Nayenso dayamondi ali ndi mnzake wopangidwa m'fakitale, ntchito imene kampani ya General Electric inaitha mu 1954. Dayamondi wotereyu ndi weniweni, wolimba chimodzimodzi, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Wogula wanzeru afunse mafunso atatu: Kodi mwalawu ndi wamtundu wanji? Ndi wokumbidwa kapena wopangidwa? Nanga wachitidwa chiyani? Mayankho ake alembedwe pa risiti.

Mnyamata asadzinamizenso kuti mphete ndi nkhokwe ya chuma. Amene anayesapo kugulitsa mphete yogula m'sitolo amadziwa kuti kawirikawiri ndalama yobwera imakhala yochepa kuposa imene inatuluka. Kukongola ndalama pa katapira kaamba ka mwala ndi kuyamba banja ndi ngongole, pamene mphasa, mbale ndi lendi zikudikira.

Chotsala ndi kufunsa mwini chala. Mtsikana wina amakonda kung'anima koyera kwa dayamondi, wina kufiira kwa rube, winanso angasankhe mphete yagolide yopanda mwala kuti ndalama yotsala igule malata. Mwala ukakhala wolimba, wogulidwa moona ndi wosaposa thumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri sadzakhala ndi mlandu woti aweruze.