Kukonza Zikalata Potsatira Mwamuna Kapena Mkazi ku Britain

Kumudzi ukwati umadziwika ndi ankhoswe. Koma wogwira ntchito ku Home Office, unduna woona za olowa m'dziko la Britain, ankhoswewo sawadziwa. Chimene iye amaona ndi zikalata zokha. Nkhani ino ikufotokoza zikalata zimene Mmalawi amakonza akafuna viza yotsatira mwamuna kapena mkazi wake m'dzikolo, ndiponso mmene chilankhulo chingathandizire kapena kulepheretsa pempho lake.

Choyamba ndi umboni wa ukwati. Dziko la Britain limavomereza ukwati umene ndi wovomerezeka m'dziko limene unachitikira. Kuno kwathu, lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, komanso wachikhalidwe. Komabe chinkhoswe sichisiya pepala, choncho ndi bwino kulembetsa ukwatiwo kuti pakhale mtchatho. Pambali pa mtchathowo, awiriwo amasonyeza kuti banja lawo ndi lenileni popereka zithunzi, matikiti a maulendo oyenderana ndi mauthenga amene amalemberana.

Chachiwiri ndi ndalama. Kuyambira mu July 2012, amene ali ku Britain ankayenera kulandira mapaundi 18,600 pachaka, koma mu April 2024 chiwerengerochi chinakwera kufika pa mapaundi 29,000. Wolembedwa ntchito kawirikawiri amapereka mapepala a malipiro a miyezi 6, kalata ya bwana wake, ndi masitetimenti a kubanki osonyeza kuti malipirowo amalowadi. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pofika tsiku lopereka pempho.

Chachitatu ndi thanzi ndi Chingerezi. Wopempha amakayezetsa chifuwa chachikulu cha TB kuchipatala chovomerezeka ndi boma la Britain, ndipo chikalata chake chimatha mphamvu pakatha miyezi 6. Ngakhale Chingerezi ndi chilankhulo cha boma kuno, Malawi sali pamndandanda wa mayiko amene nzika zake sizilemba mayeso. Motero Mmalawi amayenera kupambana mayeso olankhula ndi kumva a mulingo wa A1, pokhapokha ngati ali ndi digiri yophunziridwa m'Chingerezi imene yatsimikiziridwa.

Kwa ife ophunzira za zilankhulo, gawo lofunika kwambiri ndi la kalembedwe ndi kumasulira. M'Chichewa, l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. N'chifukwa chake munthu mmodzi akhoza kulembedwa Chirwa papasipoti koma Chilwa pamtchatho, ife osaona vuto. Kwa wowerenga wa ku Britain, awa ndi maina awiri. Chimodzimodzinso mayi amene amadziwika ndi dzina la bambo ake pachiphaso cha unzika, koma la mwamuna wake pakalata ya kutchalitchi. Kusiyana kotere kuyenera kukonzedwa, kapena kufotokozedwa ndi kalata yolumbira, pempho lisanatumizidwe.

Chikalata chilichonse chimene sichili m'Chingerezi kapena m'Chiwelshi chimayenera kumasuliridwa. Womasulira amalemba dzina lake lonse ndi tsiku, amasayina, amapereka njira yomupezera, ndi kutsimikiza kuti wamasulira molondola. Ntchitoyi si yophweka. Mawu akuti ankhoswe alibe mnzake weniweni m'Chingerezi, pakuti nkhoswe si mboni chabe koma mkhalapakati wa banja moyo wake wonse. Ndiponso mkazi akamatchula mwamuna wake kuti "achimwene" kapena "bambo" m'mauthenga, womasulira wosasamala angachititse wowerenga kuganiza kuti awiriwo ndi pachibale.

Pomaliza, pempho likavomerezedwa, viza yoyamba imakhala ya miyezi 33. Likakanidwa, ndalama zolipirira pempholo sizibwezedwa, ndipo banja limapitiriza kukhala motalikirana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopempha ayale zikalata zake zonse pamodzi, ayerekeze maina ndi masiku chilembo ndi chilembo, kenaka atumize.