Maina a pa Miseu ya ku Madison

Ku America, m'chigawo cha Wisconsin, kuli mzinda dzina lake Madison, womangidwa pa kamtunda kochepa pakati pa nyanja ziwiri, Mendota ndi Monona. Mlendo poyenda m'menemo awerenga pa mphambano maina otere: Hamilton, Mifflin, Jenifer, Carroll, Pinckney. Amenewa ndiwo ena mwa akuluakulu 39 amene anasaina Malamulo Aakulu a dzikolo ku Philadelphia pa 17 September 1787.

Mwini nzeru imeneyi ndiye James Doty, woweruza milandu. M'chaka cha 1836 iye anajambula mzindawo papepala usanamangidwe, nautcha dzina la James Madison, amene anamwalira chaka chomwecho, nagawira miseu maina a anzake osaina naye. Aphungu osankha malo a likulu la chigawo anawakopa ndi mphatso za zikopa za njati. Machitidwe otere sitingawayamike, koma likulu linadzadi kumeneko.

Tsono tiime pang'ono pa bwalo la nyumba ya boma, pakuti miseu iwiri yoyang'anana pamenepo ili ndi nkhani. Wina ndi mseu wa Carroll. Daniel Carroll wa ku Maryland anali mmodzi wa Akatolika awiri okha amene anasaina. Mnzake anali Thomas FitzSimons. Carroll anaphunzira kwa ansembe Achijezuiti ku St Omer, ndipo mng'ono wake John ndiye anakhala episkopi woyamba wa Baltimore. Pa ubwana wawo Mkatolika wa ku Maryland sanali kuloledwa kusankha aphungu kapena kugwira udindo m'boma, ndipo Misa inali kuchitika m'nyumba za anthu.

Tsidya lina la bwalolo kuli mseu wa Pinckney. Osaina a dzina limenelo anali awiri, onse a ku South Carolina. Mmodzi wa iwo, Charles Pinckney, amene sanali Mkatolika, ndiye anapempha kuti alembe m'Malamulo kuti munthu asamakanizidwe udindo chifukwa cha chipembedzo chake. Ndipo mau amenewa analowadi m'ndime ya 6. Ndani wa ife sangathokoze?

Koma munthu yemweyo anali mwini akapolo, nalimbika mtima pa msonkhanowo kuti malonda a anthu ochokera ku Africa asatsekedwe. Tisafulumire kuloza chala, pakuti Carroll wathu nayenso anali nao akapolo m'minda yake. Malamulo amene onsewa anasaina anawerenga akapolo asanu ngati anthu atatu pogawa mipando ya aphungu, nalamula kuti kapolo wothawa abwezedwe kwa mbuye wake. Ana a akapolowo anadikira mpaka 1865 kuti ukapolo uthetsedwe m'dziko lonse. Mzinda wa Doty pamenepo n'kuti uli ndi zaka 29, ndipo Wisconsin anali atatumiza asilikali ake ku nkhondo imene inamasula anthuwo.